Nandolo Pakati pa Mapesi

Mwana wanga woyamba anabadwa ndi chifuwa chosachedwa kutsekeka. Ndayambira pamenepa chifukwa amene amandikumbukira ku Mkanda amati ndinali mayi uja wa mapesi, wonyada ndi sukulu, wofuna kuphunzitsa anthu kulima pomwe iye khasu linkamutulutsa matuza. Za matuzazo ndi zoona. Koma zophunzitsa anthu ayi, ndinalibe mphamvu zimenezo. Ine ndinkangofuna kuti mwana wanga azipuma.

Ndinapita ku Mkanda chitengwa, zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba kumene. Ndinali ndi satifiketi ya zaulimi yochokera ku koleji, yomwe inkakhala pansi pa sutikesi limodzi ndi nsalu zanga za kutchalitchi. Ntchito ndinaifuna mpaka nsapato zinatha zidendene, osaipeza. Bambo a mwanayu ankagwira ntchito ku boda, kuthamangitsa mapepala a malole opita ku Chipata, ndipo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo, atatopa, fumbi lili m'makutu. Ine ndinatsala ndi apongozi anga aakazi, ndi alamu anga, mng'ono wawo wa bambowo, amene anali ndi banja lawo pafupi pomwepo ndipo ankalima fodya.

Munda umene anandipatsa unayambira kuseri kwa nyumba yathu, mbali imene mphepo ya mwera imachokera. Poyamba ndinaona ngati mwayi. Ndinkatha kupalira mphika uli pamoto.

Ku koleji kuja kunali mphunzitsi wina wowonda, wolankhula pang'onopang'ono, amene anatiuza za mpweya umene umachoka m'minda n'kukatenthetsa dziko. Ankati mapesi akapsa, chimene chikanawolerana n'kusanduka nthaka chimakwera kumwamba. Ankati feteleza wa yuleya ukamwaza pamwamba n'kumusiya osakwirira, wina amathawira mumlengalenga mbewu isanamulawe. Ankati mpweya wonsewo ukaunjikana umakhala ngati pepala la pulasitiki limene timafolera pa shedi ya fodya: dzuwa limalowa, kutentha kwake osatuluka. Ndinalemba zonsezo, ndinakhoza mayeso, ndinaiwala. Zinali za mayeso basi, monga mayina a tizilombo ndi miyeso ya mizere.

Ndinazikumbukira chilimwe choyamba mwana atabadwa. Kwathu kuja anthu akakolola, mapesi amawasonkhanitsa n'kuwatentha posossa minda. Ena amawatuta kukawotchera pa nazale ya fodya, kuti moto uphe tizilombo ndi mbewu za udzu m'nthaka asanafese. Ena amayatsa chabe kuti mauna a mbewa aoneke. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kumwamba kumachita mbuu, dzuwa limalowa lofiira ngati diso lodwala, zovala pachingwe zimanunkha utsi, ndipo timaphulusa takuda timagwera ngakhale mu ndowa ya madzi akumwa. Anthu anazolowera. Inenso ndinakulira mu utsi womwewo, sindinauonepo ngati kanthu.

Koma kamwanako kakati kapume utsiwo, m'chifuwa munkalira ngati kamluzu. Nthiti zinkalowa m'kati, pakhosi apa pankachita dzenje, maso ali pa ine ngati ndine ndabisa mpweya. Kuchipatala anati ndi mphumu. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndizimutalikitsa ku utsi ndi fumbi. Ndinavomera, inde adokotala. Panjira pobwerera ndinayang'ana uku ndi uku: utsi kum'mawa, utsi kumadzulo, utsi wina ukuchokera ku Zambia. Utsi sudinditsa chiphaso pa boda. Ndimutalikitse ndipite naye kuti?

Nditafotokozera apongozi, iwo anati, "Mphumu? Kwathu kuno kulibe nthenda imeneyo. Mwina kuchimake." Sananene mwaukali. Koma mawuwo anandikhala pamtima ngati mwala. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutchula za chifuwa cha mwana pamaso pawo. Akatsokomola ndinkamutengera kuseri. Ndinkaopa kuti adzati mtengwa wabweretsa matenda pamudzi, ndinkaopa kuti bambo ake akamva adzayamba kubwera mochedwa kuposa kale, ndinkaopa zinthu zambiri zimene lero sindingazitchule n'komwe. Mayi wachitsikana amaopa ndi mthunzi wake womwe.

Utsi wakutali sindikanauletsa. Koma wa m'munda mwanga, umene mwera unkaulowetsa pakhomo ngati mlendo woitanidwa, umenewo ndinati ndiyese. Chaka chotsatira titakolola, ndinagwetsa mikukwe n'kuyala mapesi onse m'makwawa a mizere, monga tinaphunzirira, kuti aphimbe nthaka, awolere pomwepo. Ndinagwira ndekha, mwana kumsana, mapesi akundicheka m'mikono. Msana unkandipweteka mpaka powerama kuti nditunge madzi ndinkayamba ndagwira maondo.

Alamu anadutsa tsiku lina ndi njinga yawo, n'kutsika mwendo umodzi.

"Alamu, kodi kukubwera alendo? Mwayala mphasa munda wonse."

"Ndi ulimi umenewu, alamu."

"Ulimi wa ku koleji! Mbewa za mudzi uno zatuma ine kuti ndikuthokozeni. Akuti mwawamangira lesitihausi, yaulerenso."

"Mukawauze kuti lendi ndidzalandira ndi mchere."

Anaseka mpaka njinga inafuna kugwa. Alamu anga anali munthu wabwino, wanthabwala, ndipo ndi iwo okha ndinkatha kuyankhana nawo momasuka, poti chilamu chimalola. Koma ngakhale iwo sindinawauze chenicheni.

Apongozi anandiitana pakhonde. Ndinagwada chapatali, monga mwa mwambo.

"Make mwana, munda uja bwanji? Anzanu ayamba kusosa."

"Ndausiya dala, amayi. Mapesi akapsa, utsi wake umakwera kumwamba, umakatenthetsa dziko. Ndiye mvula imasokonekera. Akawolera pansi nthaka imabwerera."



"Dziko," anatero. "Mwati dziko."

"Inde, amayi."

"Chabwino. Kapumeni, mwawonda."

Ndinachoka ndikuganiza kuti andimva. Iwo anamva zina. Anaona mtsikana wotopa, mwamuna wake ali kutali, mwana wosachoka kumsana, munda wamulaka, ndiye akubisa manyazi ake m'mawu a kusukulu. Ndipo kutopako sananame. Komanso kumjigo anthu anali atayamba kunena kuti banja lija mtengwa lamusiya yekha, taonani munda wake uli ngati wa munthu womwalira. Apongozi zimenezo sakanazipirira.

Tsiku la sikelo ndinadzuka m'mawa, ndinabereka mwana, ulendo. Pobwera dzuwa lili pamutu, nditangodutsa pa dambo, ndinaona utsi wochindikala, woyera pansi wakuda pamwamba, utapendekera mbali ya nyumba yathu. Ndinayamba kuthamanga, kenako ndinaima, poti ndikuthamangira kumene sindiyenera kupita naye mwanayu. Ndinaima pakati pa njira ngati wopenga, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Pomaliza ndinamufunditsa nsalu kumutu, n'kupita.

Ndinapeza abale onse ali m'munda mwanga. Apongozi anali ataphika thobwa, anaitana alamu ndi akazi awo, ndi azibale ena awiri atatu, kuti andithandize mwakachetechete ine kulibe, ndisachite manyazi. Mapesi amene ndinayala ndi msana wanga anawakokera milumilu n'kuyatsa. Abwinoabwino alamu anali atawamanga mitolo kuti akawotchere nazale. Aliyense anali wakuda ndi phulusa, thukuta lili chuchuchu, akuseka.

"Alamu afika! Taonani munda wanu, mwausiya wa mbewa mwaupeza wa munthu!"

Apongozi anabwera, chikho cha thobwa m'manja, nkhope yowala.

"Musamavutike nokha, make mwana. Muli ndi abale pano."

Kodi munthu ungatani? Anthu asiya minda yawo, apsa ndi dzuwa chifukwa cha iwe. Ndinagwada pa dothi lotentha lija, mwana kumsana, utsi ukutizinga, ndinawomba m'manja. Ndinati zikomo amayi, zikomo alamu, Mulungu akudalitseni. Thobwa ndinamwa.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni kamluzu kaja kanayamba. Ndinamutengera kumjigo, kutali ndi nyumba, ndinam'patsa mankhwala, osasintha. Milomo inayamba kuda. Pamenepo manyazi onse anandithera. Ndinathamangira kwa alamu ndikukuwa, "Njinga! Alamu, njinga, mwana akubanika!"

Sanafunse kanthu. Anataya mtolo wa mapesi, ndinakhala pakaliyala mwana ndili naye pachifuwa, iwo n'kupalasa. Msewu wa kwathu uja ndi wamchenga, matayala ankatitimira, koma tsiku limenelo sanatsike pa chitunda ngakhale chimodzi. Ndinkangomva kupuma kwawo kutsogolo ndi kupuma kwa mwana pachifuwa panga, kwina kwakukulu kwina kochepa, ndipo ndinkapemphera mawu amodzimodzi osatha kuwamaliza.

Anatigoneka kuchipatala. Mwana anatsitsimuka. M'mawa mwake alamu anabweranso kudzatitenga, atanyamula mbatata yootcha imene apongozi anatumiza. Sanachite nthabwala. Tili panjira, akuyendetsa njinga pang'onopang'ono, anati,

"Anamwino andiuza kuti ndi utsi."

"Ndi utsi."

"Nanga inu munkati dziko."

"Ndinkati dziko."

"Mukanati mwana, alamu. Dziko ife sitilidziwa. Mwanayu timam'dziwa."

Misozi inali pafupi, ndipo sindinkafuna kulira kumbuyo kwa mwamuna wa mwini.

"Ife sitidzayatsanso," anapitiriza. "Amayi sanadye dzulo. Koma ndisakunamizeni. Mapesi ogona pansi chilimwe alibe mwini. Tikawasiya ife, abwera osaka mbewa. Akapanda iwo, abwera a nazale ndi ngolo. Akapanda iwo, moto uchokera m'munda mwa mnzanu, mwera n'kuubweretsa. Mudzamuimba mlandu ndani? Munda wokolola ndi tchire."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndinatopa kwambiri moti ndinatsamira kumsana kwawo osasamala kuti anthu aona. Ndinkangoyang'ana minda ikudutsa, yonse yakuda, zitsa za chimanga zikufuka. Ndiye pakati pa minda yakudayo panaoneka kachigawo kobiriwira, chinangwa cha munthu wina, ndipo mozungulira mwake wina anali atalambula kanjira bwinobwino kuti moto usadumphe.

"Apa bwanji sipanapse?"

"Pali mbewu apo. Woyatsa amayamba walambula. Kutentha mbewu ya mwini ndi mlandu wolipira mbuzi."

Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, ndani sazidziwa? Koma tsiku limenelo ndinazimva ngati zachilendo. Munda wokolola ndi tchire. Ndiye ngati munda wanga sukololedwa wonse? Ngati muli kanthu kobiriwira kamene kamaima mpaka chilimwe chithe?

Chinangwa sichikanayenda pakati pa chimanga. Ndinaganiza za nandolo, uja wochedwa kucha, amene amakula pang'onopang'ono pansi pa chimanga n'kudzatambasuka chimangacho chitachoka. Kwathu kunalibe amene ankamulima. Bambo a mwana atabwera ndinawauza zonse, za mphumu, za utsi, zimene ndinkabisa. Sanakwiye, anangogwira kumutu. Ulendo wotsatira anabwera ndi kajumbo ka mbewu kamene anapempha kwa dalaivala wina wochokera kumwera.

"Akuti ndi ameneyu. Koma mayi, ine ndiwo za anthu a kumwera m'nyumba mwanga?"

"Simudya inu. Ndi mlonda ameneyu."

"Mlonda wa m'jumbo! Ku boda tikanakhala ndi otere bwenzi katundu asakusowa."

Mvula itagwa ndinadzala chimanga, pakatipakati n'kuponya nandolo. Feteleza wochepa amene ndinapeza ndinabaya timaenje n'kukwirira, monga ankanenera mphunzitsi wowonda uja, osati kumwaza pamwamba. Akazi a alamu ankati ndikuika maliro a feteleza. Chimanga chinacha, tinakolola, ndinayalanso mapesi, koma ulendo uno pakati pawo panaima timitengo tobiriwira tofika m'chiuno, kenako m'mapewa. Ndinapita kumjigo n'kunena mokweza, ngati ndikuuza mnzanga mmodzi koma kuti onse amve, kuti m'munda mwanga muli mbewu, sindinakolole. Apongozi nawo ananena kutchalitchi. Iwo sananene za mbewu zokha, ananenanso za mdzukulu wawo, ndipo mawu aja oti kuchimake sindinawamvenso. Alamu analambula kanjira kuzungulira munda wonse, akudandaula kuti chilamu chimenechi chawalemera kuposa ukwati.

Moto sunalowe. Koma palibe amene anandikumbutsa za mbuzi.

Anthu akakolola amamasula mbuzi, ndi mwambonso umenewo, ndipo mbuzi sidziwa mlandu. M'dera lonse louma lija, chobiriwira chinali munda wanga. Zinkabwera za mudzi wathu, za mudzi wa kutsidya, zina sindinkadziwa n'komwe kuti n'zayani. Zinkaimirira ndi miyendo iwiri ngati anthu, kukoka nthambi mpaka kuthyola. Ndinayesa minga, zinadumpha. Ndinakadandaula kwa eni ake, anati mayi, chilimwe chino, mbuzi timange idye chiyani? Ndipo sanalakwe.

Ndiye ndinasanduka mlonda wa mlonda wanga. Chilimwe chonse ndinakhala m'mphepete mwa munda, pansi pa kamtengo ka mango kopanda mthunzi wokwanira, mulu wa zibuma pambali. Nyemba ndinkasankhira pomwepo, zigamba ndinkasokera pomwepo. Kuti ndipite kumjigo ndinkayamba ndapempha apongozi akhalepo, iwo n'kumabwera ndi ndodo yawo akung'ung'udza kuti ukalamba wawo wathera pa mbuzi za eni. Kumaliro ndinkapita mothamanga n'kubwerako anthu asanabalalike, ndipo ananditchula wamwano. Dzanja lamanja linatupa paphewa chifukwa chogenda. Masiku ena ndinkakhala pamenepo, dzuwa likuswa mtengo, n'kumadzifunsa kuti satifiketi ija ndinavutikira zaka zonse zija kuti ndidzakhale woingitsa mbuzi? Anzanga a ku koleji ena ankayenda pa njinga zamoto, zipewa kumutu, kuphunzitsa alimi zomwezi za mapesi. Mmodzi anadutsa pamsewu tsiku lina. Ndinabisala kuseri kwa mango.

Osaka mbewa ankafika m'malire, makasu paphewa, n'kuyang'ana mapesi anga ndi maso a njala.

"Mayi, mbewa zonse zathawira kwanu. Tingolowa pang'ono, sitiyatsa."

"Muli mbewu."

"Mbewu yake iti, timitengo tomwe tadyedwa ndi mbuziti?"

"Tomweto. Kafunseni alamu anga mtengo wa mbuzi."

Ankapita akutukwana chapansipansi. Mbewazo zinalipodi, sindikana, ndipo chiswe nacho chinalowa m'mapesi mpaka ndinkaopa kuti chidzagwetsa chimanga chaka chamawa. Nandolo amene ndinakolola sanadzaze ngakhale beseni losambitsira mwana. Bambo ake anadya kamodzi, anati akoma, sanapemphenso.

Za dziko lija sindikudziwa. Nthawi zina ndinkayang'ana utsi wa minda ina ukukwera mbali zonse, n'kukumbukira malole aja a ku boda amene amaima mzere injini zikulira, ndiye kamunda kanga kamodzi kosapsa n'kumaoneka ngati kulavulira m'moto wa tchire. Mvula inapitiriza kubwera mochedwa, kapena kubwera yonse tsiku limodzi. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pansi pa mapesi paja dothi linkakhala lozizira ngakhale mu Okutobala, ndipo mvula yoyamba itagwa madzi sanathamange, analowa. Ngati pamenepo panatsala kampweya kena kamene kakanakwera kumwamba, chabwino, mphunzitsi uja asangalale kumene ali. Ine sindinkawerengera zimenezo.

Ndinkawerengera kupuma. Ndinali ndi chizolowezi, ndipo sichinandichoke mpaka mwanayo atakula, chomugwira mwadzidzidzi n'kuika khutu pamsana pake. Chilimwe chimenecho anatsokomola ndithu, utsi wakutali sunaleke kufika, ndipo mankhwala sankachoka pa mfundo ya nsalu yanga. Koma utsi wochindikala uja wolowa pakhomo kunalibe, ndipo njinga ya alamu sitinaikwere.

Ndimakumbukira masana ena chakumapeto kwa chilimwe, kutatentha mpaka nkhuku zili kukamwa yasa. Ndinali nditawodzera, mutu utatsamira mango. Ndinadzidzimuka ndi mawu a mwana wanga. Mbuzi zinali zitalowa chakumunsi, ndipo iye, amene anali atangodziwa kumene kuthamanga, anali atatola kachibuma akuzithamangitsa pakati pa mizere, mapesi akulira kuphazi, akukuwa mawu amene ankandimva ine ndikukuwa tsiku ndi tsiku. Anathamanga mpaka kumapeto kwa munda, n'kubwerera akuthamangabe. Ndinamugwira, ndinamutembenuza, khutu pamsana. Ndinamva mtima wake ukugunda mofulumira, mpweya ukulowa, ukutuluka, ukulowa. Kamluzu kunalibe. Ndinamvetserabe, osakhulupirira, mpaka anayamba kudzikoka m'manja mwanga.

"Amayi, tayeni! Mbuzi!"

Zinali zitabwereradi, zitaimirira kale ndi miyendo iwiri pa nandolo wanga. Ndinamusiya apite. Ndinadzuka pang'onopang'ono, nditagwira maondo, n'kutola chibuma china.